Tsiku Limene Kireni Inavala Maluwa

Babiker Awad anafika pamalo a ntchito dzuwa litangotuluka, ndipo anapeza kireni yonyamulira katundu wolemera itavala maluwa.

Nkhata za maluwa achikasu zinali zitakolekedwa pachitseko cha kanyumba ka woyendetsa, ina inali lendelende pa ngowe yaikulu imene anali ataitsitsa mpaka pansi. Pamatayala, pamagalasi ndi pangowepo panali madontho a ufa wofiira wosakaniza ndi mpunga. Patsogolo pa kireniyo anayala nsalu yoyera n'kundandalikapo masipanala, nyundo ndi mawailesi a m'manja, zonse zotsukidwa mpaka kung'anima. Makiyi anali m'mbale yamkuwa pamodzi ndi nthochi ndi kokonati. Amuna asanu ndi mmodzi a ku Nepal anaima mozungulira nsaluyo opanda nsapato, utsi wa lubani ukukwera chowongoka chifukwa kunalibe ndi kamphepo komwe.

Chapotero panali lole yaitali imene inafika dzulo lake kuchokera kudoko la Sohar, itasenza thiransifoma ya matani makumi asanu ndi atatu. Katunduyo anayenera kutsitsidwa ndi kukhazikidwa pamaziko ake nthawi isanakwane leveni koloko. Kupitirira apo mphepo ya kunyanja imayamba, ndipo ikayamba kireni sinyamula kanthu.

Babiker anali wa ku Sudan, wa zaka makumi asanu ndi ziwiri. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anazithera muofesi ya kampani yomweyi, akujambula mapulani a kanyamulidwe ka katundu wolemera amene iye sankamugwira ndi dzanja. Mtsogoleri wa gulu lonyamula atachoka chifukwa chotopa ndi mikangano, a Hamood, eni ake a kampani, anamupatsa gululo kuti amuyese miyezi itatu. Miyeziyo imatha sabata yomweyo. "Thiransifoma iyi ikakhala pamalo pake pa tsiku lake, gulu ndi lanu," anatero a Hamood. Babiker ankalifuna gululo. Sanauzepo munthu, koma kubwerera kumpando wa muofesi wa pansi pa makina oziziritsa mpweya uja kunkamuwopsa kuposa dzuwa la kuno.

M'miyezi itatuyo anaphunzira zambiri, ndipo ankanyadira mumtima. Anapeza kuti omanga zingwe, amene onse anali a ku Pakistan, sakhulupirira lamulo limene sanatsutsane nalo, choncho ankawasiya akuwe mpaka atope, kenako n'kuchita zomwe zinanenedwa poyamba zija. Rodel, Mfilipino woona za chitetezo, Babiker anamudzudzulapo kamodzi pagulu, ndipo munthuyo anakhala masiku anayi akumuyankha ndi mapepala okhaokha. Kuyambira pamenepo ankamuitanira kuseri kwa kontena. Lachisanu ankaonetsetsa kuti galimoto yopita kumzikiti ilipo. A ku Nepal okha ndi amene sanamuvutitsepo. Sankapempha kanthu, ndipo iye anawaika m'gulu la zinthu zimene zili bwino.

Gul Zaman, mkulu wa omanga zingwe, anali atakhala pamulu wa matabwa akumwa tiyi, ndevu zake zopaka hina zili psuu.

"Mwafika bwino, injiniya, ukwati sunayambe," anatero. "Mkwatibwi ndi uyo wavala kale. Khem akukwatira kireni. Mkazi wake wa kwawo ku Pokhara uja wamukana, akuti mwamuna wanji wobwera kamodzi pa zaka ziwiri ngati matenda."

"Iwe Khan, ndevu zakozo nazonso n'zofiira," anayankha Khem Thapa osatembenuka. "Unakwatiwa ndi ndani?"

Anthu anaseka. Khem, mmodzi wa a ku Nepal aja, ndiye anali woyendetsa kireniyo, munthu wamfupi wa imvi m'mbali mwa makutu, ndipo pa nthawiyo pakampani ponse ndi yekhayo amene anali ndi chiphaso cha kireni yaikulu chonchi. Mnzake wina wa chiphaso chomwecho anali patchuthi kwawo. Iye ndi Gul Zaman anagwira ntchito limodzi zaka zisanu ndi zinayi, akunyozana tsiku ndi tsiku.

Babiker anadikira mpaka amuna aja ataphwanya kokonati, kenako anakodola Khem n'kupita naye pambali.

"Mwambowu utha nthawi yanji?"

"Watsala pang'ono, bwana."

"Ndiye eyiti koloko tiyamba."

Khem anayang'ana zala za kumapazi kwake. "Lero ndi tsiku la zida, bwana. Timazitsuka, timazithokoza, n'kuzisiya zipume. Sitizigwiritsa ntchito mpaka mawa."

"Tsiku lonse?"

"Lonse, bwana."

Babiker anayang'ana lole ija. Anakumbukira msonkhano wa masabata atatu apitawo, pamene analemba pabolodi kuti 17 Seputembala, n'kufunsa ngati alipo amene ali ndi vuto. Gul Zaman anatsutsa za kutalika kwa zingwe kwa theka la ola. Khem anangoti chabwino.

"Bwanji sunanene pamsonkhano paja?"

"Munali mutalemba kale pabolodi, bwana, anthu onse akuona." Khem anakanda m'khosi. "Komanso masiku a pabolodi amasuntha. Chiyambireni ntchito kuno, aka n'koyamba lole kufika pa tsiku lake."

Babiker sanali munthu wonyoza chipembedzo cha mnzake, ndipo anaganiza kuti nkhaniyi akuimvetsa. Iye mwini anaphonyapo masiku osala kudya m'mwezi wa Ramazani, chaka chimene anadwala impso, ndipo anawabweza pambuyo pake, limodzi ndi limodzi, mtima uli m'malo. Kwa iye chinthu cha Mulungu chikaphonyedwa pa chifukwa chomveka chimabwezedwa. Ndi mmene anakulira.

"Tamvera, Khem. Ife tikaphonya tsiku losala chifukwa cha ulendo kapena matenda, timalibweza tsiku lina, ndipo Mulungu amalandira. Tinyamule m'mawa uno. Ola limodzi basi. Lachinayi ndikupatsani tsiku lonse, kireni isagwidwe ndi munthu, maluwa ndigula ine, ndi mbuzi yomwe."

"Tsikuli si lathu, bwana, kuti tilisunthe. Ndi lake." Khem analoza kireni ndi chibwano. "Lachinayi ndi Lachinayi chabe."

Babiker anayesa kuti uku n'kunenerera, monga amachitira omanga zingwe, ndipo anachita zimene ankachita ndi iwowo. Anaumitsa mawu.

"Lole yafika, eni katundu akubwera, apolisi operekeza lole anauzidwa za lero. Sindingathe. Eyiti koloko."

"Chabwino, bwana," anatero Khem.

Zinatheka mosavuta kuposa mmene ankayembekezera. Amuna aja anavala nsapato. Anachotsa nkhata imodziimodzi n'kuziika m'katoni, wina anapinda nsalu ija zida zili momwemo, kenako anaifunyululanso chifukwa mawailesi amafunika. Palibe anadandaula. Khem anatenga makiyi m'mbale muja, anagwira chitsulo cha makwerero ndi dzanja lamanja n'kuligunditsa pachipumi, kenako anakwera. Injini inalira.

Asanamange katundu amayamba ayesa ngowe yopanda kanthu. Gul Zaman anaima pamalo ake ndi wailesi, n'kukweza dzanja. Ngowe inanyamuka modzidzimuka, inaima, inanyamukanso. Mkono wa kireni utatembenukira kulole, ngoweyo inapitirira pang'ono n'kubwerera, ikugwedezeka uku ndi uku. Sikunali kugwedezeka kwakukulu. Babiker akanakhala yekha sakanaona cholakwika.

Gul Zaman anatsitsa dzanja. Anayang'ana ngoweyo mpaka itakhazikika, anavula magolovesi, n'kubwerera pamulu wa matabwa paja. Anthu ake anayi anamutsatira.

"Chavuta n'chiyani?" anafunsa Babiker.

"Sindimanga."

"Zingwe zachepanso?"

"Zingwe zili bwino. Sindimanga basi."

Babiker anatsitsa mawu. "Haji, inu ndinu Msilamu. Mukukhulupirira kuti chitsulo chikwiya?"

"Mulungu andikhululukire, ayi. Chitsulo n'chitsulo, sichidya nthochi. Ndakhala ndikumuuza kafupi ameneyu chaka ndi chaka." Gul Zaman analavula pambali. "Koma amene wakhala pampando paja akukhulupirira. Mwaiona ngowe ija? Zaka zisanu ndi zinayi munthu uja amandiikira ngowe m'dzanja ngati akundipatsa kapu ya tiyi. Lero akuyendetsa ngati mkamwini pamaso pa apongozi."

"Wavomera yekha."

"Ameneyo mutamuuza kuti alumphire m'nyanja adzati chabwino bwana, n'kuvula nsapato kuti zisanyowe. Kuvomera kwa Khem mumakuwerengera? Inu mumaima uko ndi pepala, injiniya. Ine ndi ana a eni akewa timaima apa, manja pazingwe, matani makumi asanu ndi atatu ali pamwamba pa zala zathu. Munthu woopa chida chake ine sindiima pansi pake."

Pansi pa pulani iliyonse imene Babiker anajambula pa zaka zonse zija panali mzere wonena kuti wantchito aliyense ali ndi ufulu woimitsa kunyamula ngati akuona choopsa. Ankaulemba osauganizira, monga mmene munthu amalembera deti. Sanaonepo munthu akuugwiritsa ntchito.

Nthawi inali itadutsa hafu pasiti eyiti. Babiker ankadziwa kuti njira ilipo. Akanatha kuimbira a Hamood, a Hamood n'kulankhula ndi Gul Zaman, ndipo munthu amene chiphaso chake chokhalira m'dziko chili m'manja mwa kampani sakana kawiri. Mwina katundu akanakhala pamalo pake popanda ngozi. Mwa maulendo khumi, mwina asanu ndi anayi zikanatha bwino. Ntchito yake yonse ya muofesi inali yowerengera za ulendo wakhumiwo.

Anakwera makwerero n'kutsegula chitseko cha kanyumba kaja. Munkanunkhirabe lubani. Khem anali atakhala chowongoka, manja ali pamaondo.

"Ukuopa?"

"Ndinyamula, bwana. Mwanena kale."

"Sindinafunse zimenezo."

"Ndinyamula," anatero Khem, maso ali pagalasi pamene panali dontho lofiira.

Babiker anaima pakhomopo kanthawi. Kuchokera pamwambapo thiransifoma inkaoneka yaing'ono, ndipo anthu a Gul Zaman ankaoneka ngati zipewa zisanu zoikidwa pamatabwa. Chakumpoto nyanja inali bata.

"Zimitsa," anatero. "Tinyamula mawa sikisi koloko."

Atatsika anapeza Rodel akumudikira kuseri kwa kontena ndi fomu yake.

"Pa chifukwa ndilembepo chiyani, bwana?" Rodel anayang'ana kumwamba kumene kunalibe ndi mtambo womwe. "Ndikhoza kulemba mphepo. Masana ibwera ndithu, ndiye si bodza lenileni."

"Makina a pakireni amasunga liwiro la mphepo. Adzakugwira."

"Ndiye ndilembe kuti woyendetsa sakupeza bwino?"

"Akamutumiza kuchipatala, n'kumulanda chiphaso mpaka atamuyeza. Lemba kuti mtsogoleri wa gulu anasankha tsiku lolakwika."

Rodel anagwira cholembera osalemba. "Zimenezi zimapita kwa a Hamood, bwana."

"Ndikudziwa kumene zimapita."

Injiniya wa eni katundu anafika naini koloko, ndipo analankhula zambiri. Anati kampani zonyamula katundu ku Sohar si imodzi, ndipo mathiransifoma ena atatu akubwera chaka chisanathe. Babiker anamvetsera, anapepesa, sanatchule dzina la munthu. Apolisi operekeza anauzidwa, woyendetsa lole anakagona pansi pa lole yake. Pamene zonsezi zinkachitika, a ku Nepal anatulutsanso nkhata zija m'katoni n'kuzibwezera pamalo pake, zina zitathothoka maluwa.

Khem anabwera ndi mbale ya maswiti a mkaka n'kupita nayo kwa omanga zingwe.

"Awa sanafike pansalu paja, Khan, idya usaope. Ndinawapatula dzulo."

"Chaka chatha anali ambiri. Waumira chiyani, kafupi iwe?" Gul Zaman anatenga atatu.

Babiker anamva mawu akuti chaka chatha. "Mumadziwa za tsikuli, Haji?"

"Ndani sadziwa? Ngakhale mphaka wa kukampu amadziwa, amabwera kudzadya zotsala."

"Nanga pamsonkhano paja osanena bwanji?"

"Munafunsa ngati ndili ndi vuto. Ine vuto langa linali zingwe." Gul Zaman anatafuna. "Ndinkayesa mwagwirizana kale ndi eni ake a tsikuli. Mtsogoleri wakale uja ankayamba wapita kuchipinda kwawo Lachisanu madzulo, n'kukhala pansi kumwa nawo tiyi. Anali munthu woipa mtima, koma tiyi ankamwa."

Babiker anatenga switi imodzi pamene Khem anamupatsa mbale. Inali yotsekemera mopitirira.

A Hamood anafika dzuwa lili pamutu, mkanjo wawo uli mbuu, ndipo anapereka moni kwa aliyense ndi dzanja, kuyambira kwa Gul Zaman. Atafika pa Babiker anafunsa za thanzi lake, za ana ake ku Omdurman, za abale.

"Kuli nkhani yanji?"

"Kulibe nkhani," anayankha Babiker monga mwa mwambo, ataima pakati pa kireni yovala maluwa ndi lole yosatsitsidwa.

"Tithokoze Mulungu."

Anazungulira kireniyo pang'onopang'ono, manja ali kumbuyo. Anawerenga fomu ya Rodel mpaka pansi n'kuibweza. Sanakweze mawu, ndipo sanafunse kanthu pamaso pa anthu. Anakhala kanthawi m'galimoto ya injiniya wa eni katundu uja, magalasi atatseka, kenako anapita.

M'mawa mwake sikisi koloko Khem anachotsa nkhata zofota zija yekha, akuimba chapansipansi. Ngowe inatsika n'kuima pafupi ndi dzanja la Gul Zaman osagwedezeka. Thiransifoma inanyamuka palole, inayenda m'malere ngati ikuyandama pamadzi, ndipo inakhala pamabawuti ake onse ulendo umodzi. Zonse zinatenga mphindi makumi awiri ndi zisanu.

A Hamood anaonerera ali m'galimoto mwawo. Katundu atamasulidwa anatsitsa galasi n'kuitana Babiker kuti alowe. Anathira khofi wa m'fulasiki m'kakapu kakang'ono n'kumupatsa.

"Dzulo munachita bwino kuimitsa," anatero. "Ndikanakhala ine ndikanaimitsanso."

"Zikomo."

"Makireni anga amabwera ndi madontho ofiira chaka chilichonse. Bambo anga ankachita malonda ndi Amwenye ku Matrah, ndinakula ndikuziona. Mutandibweretsera deti lija ndinasaina, poganiza kuti mwakhala nawo pansi anthu anu ndipo mwapeza njira." Anathiranso khofi. "Eni katundu apempha kuti pa mathiransifoma atatu otsalawo pakhale mtsogoleri wina. Ndawavomera. Mapulani akufuna akhale anu, amenewo sakuwakayikira."

Babiker anamwa, kenako anagwedeza kakapuko kusonyeza kuti wakwana.

"Kuyambira liti?"

"Mwezi ukatha. Mpando wanu uja palibe wakhalapo."

Anaganiza zopempha miyezi ina itatu. Mawu anali okonzeka, ndipo ankadziwa kuti a Hamood akanamvetsera mpaka kumapeto mwaulemu, n'kunena kuti Mulungu akalola, ndipo nkhani ikanathera pomwepo. Anathokoza chifukwa cha khofi n'kutuluka.

Kunja kunali kutayamba kale kutentha. Anthu anali akukulunga zingwe ndi kukweza matabwa palole yaing'ono. Khem anali atatsika, ndipo iye ndi Gul Zaman amakangana za chitsulo cholumikizira zingwe chimene chimasowa, wina akuti chinali pansalu dzulo, wina akuti omanga zingwe sadziwa kuwerenga kupitirira zala zawo. Ataona Babiker anasiya.

"Akuti bwanji akuluakulu?" anafunsa Gul Zaman.

"Akuti mwanyamula bwino."

"Basi?"

"Basi. Chitsulocho yang'anani pansi pa mpando wa lole, ndinaona wina akuponyamo. Tifulumire, mkono wa kireni upindidwe mphepo isanayambe."

Khem anamuyang'ana kanthawi, ngati munthu wofuna kufunsa kanthu, koma anthu anali pomwepo. Anavala chipewa chake n'kukwera makwerero.